Chuma Changa Chili M'malimu

Anthu ena amasunga chuma m'ng'ombe, ena m'mapuloti. Ine changa chili mu Toyota 86 ya chaka cha 2013, ya zitseko ziwiri, yomwe inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe, Mjapani wina atatopa nayo. Mipando yakumbuyo ilipo, koma anaikonzera anthu opanda miyendo. Apongozi atakwerako popita ku ukwati, mpaka lero amandilonjera ndi mutu wokha.

Anyamata a kugalaja ndiwo ananditsegula maso pa nkhani ya malimu opepuka, ndipo nzeru yake ndi yoona. Limu, tayala ndi mabuleki zili kunsi kwa masipuling'i. Zikapepuka, tayala limagwira msewu bwino, galimoto imanyamuka msanga n'kuimanso msanga. Kampani ya ku Japan ya RAYS itatulutsa limu lotchedwa TE37 mu 1996, la mainchesi 15 linkalemera makilogalamu 3.7 okha, chifukwa aluminiyamu yake amachita kuisula moipanikiza, osati kuisungunula n'kuithira m'chikombole. Anga amafanana ndi amenewo, makamaka ukaima patali dzuwa litalowa. Dzina lake linali lomata, ndipo linapita ndi mvula yoyamba.

Ndinawafotokozera mayi a kunyumba zonsezi, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo.

"Bambo a Chisomo, ndiye mwati galimoto yapepuka ndi makilogalamu angati?"

"Onse pamodzi 8."

"Chikwatirane inuyo mwawonjezera 12. Mukanangochepetsa mitanda ya nsima, bwenzi itapepuka yaulere."

Sayansi ya masipuling'i sanaimvetse, n'chifukwa chake ndinangowakhululukira.

Vuto ndi msewu wa kwathu, umene sunauzidwe kuti ndasintha malimu. Mimba ya galimotoyi ili pafupifupi masentimita 13 kuchokera pansi, choncho bampu ndimakwera chopingasa ngati nkhanu, a kabaza akundipitirira uku akuimba belu. Dzenje lina pafupi ndi chigayo linapinda limu lakutsogolo. Tsopano m'mawa uliwonse ndimayamba ndi kupopa tayala, ndipo aneba amati ndayamba kulimbitsa thupi.

Koma ine ndimaona patali. Ku America kuli lamulo loti galimoto yakunja yosakwaniritsa malamulo awo imaloledwa kulowa ikakwanitsa zaka 25. Ma Nissan Skyline R34 a mu 1999 atayandikira kuloledwa mu 2024, mitengo yake inakwera koopsa. Yanga idzakwanitsa zaka zimenezo mu 2038. Zoti mtundu wakewu unkagulitsidwa kale ku America komweko ndi dzina la Scion FR-S, moti palibe akuusowa, anandiuza ndi mlamu wanga, munthu wansanje chibadwire.

Pofuna kungoyesa msika, ndinaitana dobadoba wina. Ndinayamba kumuuza za injini ya malita awiri imene Toyota anapanga mogwirizana ndi Subaru. Iye anagogoda buti.

"Bwana, ikunyamula matumba angati?"

"Limodzi, mukalipungulako."

"Nthawi yadzinja ingafike ku Ntchisi?"

Kenako anagwada n'kuyang'ana magudumu nthawi yaitali, ndipo ndinaganiza kuti wagoma. Anadzuka n'kufunsa komwe kuli malimu ake enieni. Akuti wogula akaona galimoto yosinthidwasinthidwa amadziwa kuti mwiniwake ankaithamangitsa, ndipo olipira bwino amafuna chilichonse chikhale momwe inachokera kufakitale. Malimu enieniwo ndinagulitsa kuti ndikwanitse kugula opepukawa. Anagula ndi neba wanga wa Sienta, ndipo amadutsa nawo pakhomo panga tsiku lililonse atadzaza anthu olipira. Dobadoba uja anatsitsa mtengo chifukwa cha chinthu chomwe ine ndinawonjezerapo ndalama, n'kupemphanso ya thiransipoti.

Komabe mtengo umene anatchulawo unaposa umene ndinagulira, pakuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndinathamangira kukhitchini kukalengeza phindu. Mayi anafunsa ngati ndalamazo zingagule Sienta. Ndinawerengetsa bwinobwino: zingagule, bola wogulitsayo atsale ndi injini.

Dzulo neba uja wanditumizira uthenga woti malimu aja atha kundigulitsanso, pa mtengo wowirikiza kawiri. Mayi a Chisomo ndi amene anabwera ndi uthengawo, chifukwa ndi Sienta yomweyo imene amakwera popita kumsika.