Masiki ndi ya pachibwano: malangizo ochokera kwa akuluakulu a ku Mitundu ndi ku Nathenje

Lamulo loti aliyense azivala masiki pagulu popewa mliri wa Covid-19 lidayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2020, ndipo wopezeka mphuno ili pamtunda ankayenera kulipira chindapusa cha K10,000. Chaka chomwecho feteleza wa AIP adayamba kugulitsidwa pa K4,495 thumba limodzi. Mkulu aliyense wa ku Mitundu kapena ku Nathenje, ngakhale amene sukulu adalekezera Sitandade 2, masamuwo adawawerengera pazala: mphuno imodzi yoonekera ndi matumba awiri a feteleza, n'kutsalanso ya kabaza. Kuyambira nthawi imeneyo agogo adaidziwa ntchito ya masiki kuposa akadaulo a ku Unduna wa Zaumoyo. Masiki imateteza munthu kwa apolisi.

Mliri udazilala, ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti Covid-19 salinso ngozi yogwedeza dziko lonse. Koma luso limene akuluakuluwa adalipeza movutikira siliyenera kutayika chisawawa. Malamulo ake ndi awa, kuti adzukulu asadzasowe pogwira mliri wina ukadzagwa.

Loyamba, ndipo ndilo tsinde la onse: malo a masiki ndi pachibwano. Mphuno ili kale ndi ntchito yopuma, kamwa lili ndi ntchito yolonjera anthu, kutafuna mtedza ndi kutsutsa mtengo wa usipa. Chibwano chokha ndicho chakhala chikungokhala chibadwire. Mkulu wodziwa kuvala amakoleka zingwe m'makutu onse awiri, nsaluyo n'kuikokera pansi mpaka itafungatira ndevu bwinobwino. Akatero angathe kukhala pabenchi ya tiyirumu pamsika wa Mitundu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, jekete lili pathupi, kapu ili m'manja, lamulo lili pachibwano. Ubwino wa kavalidwe aka umaoneka m'minibasi yopita m'tauni. Kondakitala akangofuula kuti "Masiki, masiki, rodibuloko!", chala chimodzi chimakwana: nsalu yakwera, wapolisi wasuzumira, minibasi yadutsa, nsalu yatsika. Zoti kachilombo ka korona kamayenda m'timalovu totuluka m'kamwa ndi m'mphuno munthu akamatsokomola, kulankhula kapena kuimba n'zoona ndithu. Komabe kachilomboko sikadayambe kaimitsapo minibasi n'kulamula anthu kuti atsike.

Lachiwiri ndi lalifupi. Chifuwa chikabwera, masiki ichotsedwe msanga. Munthu wosamala salavulira chinthu chimene wagula ndi ndalama zake. Atsokomole momasuka, ayetsemule mpaka oyandikana naye aphethire, apukute kukamwa ndi chikhatho, kenako abwezeretse masikiyo ili youma.

Lachitatu likukhudza ulemu, ndipo apa achinyamata amalakwitsa kwambiri. Munthu wamkulu salankhula ndi mnzake atabisa kamwa, makamaka mnzakeyo akakhala mfumu, mkulu wa mpingo kapena mpongozi. Panjira, pamene palibe wina aliyense, masiki ikhoza kukhala pamphuno. Akangokumana ndi munthu, aitsitse, ayandikire, agwirane chanza ndi manja awiri, afunsane za kunyumba, za mvula, za nyamakazi ya m'mawondo. Mdzukulu wophunzira akanong'oneza kuti, "Agogo, kwezani masiki," yankho lake n'lokonzeratu: "Iwe, ndikulankhula ndi amfumu. Ukufuna aziti ndine wakuba?" Mdzukuluyo akapitiriza, akumbutsidwe kuti agogo adapulumuka njala ya 1949 iye asanaganiziridwe n'komwe.

Pamenepa pali kachinsinsi kena. Agogo akamavutika kumva zimene namwino akunena, amatsitsa masiki yawo yomwe kuti amve bwino. Oonerera amaseka, koma nkhaniyi ili ndi mutu wake. Munthu amene makutu ayamba kugontha amathandizidwa ndi kuona milomo ya wolankhula, ndiye milomoyo ikaphimbidwa mawu amasanduka phokoso chabe. Agogo potsitsa yawo amakhala akupempha mwaulemu kuti winayo atsitsenso yake. Chofunika n'chakuti wolankhulayo akweze mawu, alankhule pang'onopang'ono atayang'anana nawo. Zoterezi sadazilembe pachikwangwani chilichonse.

Ndipo n'zodabwitsa kuti vuto lophimba nkhope lidakula chotere kudera la gule wamkulu, kumene chilombo chimavina masana onse, fumbi lili koboo, nkhope yake osasunthako ngakhale pang'ono.

Lachinayi: banja limodzi, masiki imodzi. Kugulira aliyense yake ndi kuwononga kwa anthu a m'tauni. Masiki ya banja imapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko, pamodzi ndi chipewa ndi kiyi wa njinga, ndipo amaitenga ndi amene ali ndi ulendo tsiku limenelo. Lolemba ipita kuchigayo ndi agogo aakazi, Lachitatu ipita kusikelo ndi mpongozi, Lamulungu ikalowa m'tchalitchi ndi agogo aamuna. Pageti la chipatala, pamene mlonda salola munthu kulowa chimaso, masiki imagwira ntchito ya mudzi wonse. Wotuluka amavula n'kupatsira wolowa, akadali kutsokomola onse awiri, wolandirayo n'kuwomba m'manja: "Zikomo aNabanda, Mulungu akudalitseni, ndikubwezerani potuluka." Kumana mnzako masiki pageti ndi nkhanza zimene mudzi sungaiwale.

Ija yabuluu ya kuchipatala, imene adaipanga kuti ivalidwe kamodzi n'kutayidwa, isatayidwe. Ichapidwe ndi sopo wamtanda, iyanikidwe pathandala pambali pa mbale, ivalidwe mpaka buluu atasanduka mtundu wa dothi lakatondo. Chingwe chikaduka, luzi lilipo. Mu Juni 2020 a WHO adalangiza kuti masiki yansalu izikhala ya nsalu zitatu zophatikiza, ndi kuti anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo azivala ya kuchipatala akakhala pamalo opanikizana. Yansalu imafunika kuchapidwa tsiku lililonse, ndipo ya kuchipatala ikanyowa kapena kuchapidwa mphamvu yake yosefa imachepa. Telala wa pakhonde la sitolo ku Nathenje ankasoka ya nsalu imodzi kuchokera ku zidutswa za chitenje, chifukwa ndiyo imene kasitomala wake akadakwanitsa.

Malamulo ena safuna kufotokoza. Masiki ikhoza kulendewera kukhutu limodzi. Ikhoza kugona m'thumba la jekete pamodzi ndi kabotolo ka fodya wa mphuno. Ikhoza kumangirira makobili a chopereka. Amayi amene aiwala yawo alume nsonga ya chitenje podutsa pamaso pa wapolisi. M'mawa wa mu Juni, pakabaza, masiki ivalidwe bwinobwino mpaka m'maso, chifukwa chisanu ndiye mdani amene aliyense adamuonapo.

Pamaliro lamulo lidati anthu asapitirire 50. Amene adalemba nambala imeneyi mwina sadakhalepo pamaliro a kwa Chadza kapena kwa Chiseka, kumene adzukulu okumba manda ndi amayi ophika okha akhoza kuikwanitsa anamfedwa asanawerengedwe. Choncho mwambo wake ndi uwu: masiki ivalidwe pochoka pamsewu kufika pabwalo, poti mwina pali alendo a m'boma. Polowa m'nyumba ya siwa, m'mene amayi achikulire amachezera kuimba usiku wonse, mawindo otseka, mapewa ogundana, ichotsedwe. Nyimbo ya maliro siimveka kuseri kwa nsalu.

Apa nthabwala ziyambe zaima. Amene Covid-19 ankawapha kwambiri ndi okalamba omwewa, pamodzi ndi odwala shuga ndi BP, ndipo m'dziko muno anthu oposa 2,600 adamwalira mwa owerengedwa okha. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri zidapita tsiku limodzi: Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, amene adali phungu wa Lilongwe Msinja South, kummwera kwa Lilongwe komwe kuno. Kudabwera lamulo loti pofika 9 koloko usiku aliyense akhale ali m'nyumba, ndipo bwalo la masewero la Bingu lidasanduka chipatala. Koma agogo adaphunzira kuti kavalidwe kawo? Adaona misonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni 2020, chinamtindi cha anthu chitadzaza mabwalo, atsogoleri a mbali zonse akufuula pamsanja. Adamva pawailesi kuti mwa K6.2 biliyoni zolimbana ndi mliri, zina zidathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mokayikitsa, mpaka nduna ya zantchito Ken Kandodo idachotsedwa mu Epulo 2021 chifukwa zina mwa ndalamazo zidalipira ulendo wa ku South Africa. Kwa nkhalamba ya kumudzi, chimene chidafika mofulumira ndi chindapusa ndi chikoti. Wokhala nayo pansi n'kuifotokozera chifukwa chake mphuno iyenera kuphimbidwa adachedwa, ndipo kwina sadafike n'komwe. Wolamula munthu kuvala chinthu poopa wapolisi asadabwe akachivula wapolisiyo atakhota.

Lamulo lomaliza ndi la masiku ano, pamene masiki ija idakali pamsomali, yotuwa ndi mwaye. Isakhudzidwe pa nthawi yosankha fodya m'chigafa, ngakhale fumbi likhale lotsamwitsa. Isakhudzidwenso agogo akakhala ndi chifuwa chosatha chija, chimene chimawadzutsa usiku ali thukuta kamukamu, m'nyumba yomwe akugonamo ndi tidzukulu titatu. Imeneyo ikudikira tsiku la rodibuloko.

Chifuwa chikapitirira masabata awiri chimafunika kukayezetsa makhololo, chifukwa chikhoza kukhala TB, imene nayonso imayenda mumpweya. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala omwe n'zaulere, ndipo mankhwalawo amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Pa ulendo wopita kukayezetsawo, wotsokomolayo ndiye avale masiki yoyera, yakeyake, itaphimba mphuno ndi kamwa, ndipo mdzukulu amene amawerenga magazini ndiye akaigule.