Mwala Ukakalamba Umakwera Mtengo Bwanji?

Ine ndikungofunsa, akuluakulu, musandiseke. Kodi chinthu chikakalamba chimatsika mtengo kapena chimakwera? Pa Limbuli pano ndimayesa yankho timalidziwa. Malaya a pakaunjika amatchipa chifukwa wina anavalapo kale, ndipo chimanga cha ku Milange chikagonera chaka, wogula amayamba wapisa dzanja m'thumba kufuna anankafumbwe.

Ndiye mphwanga wina wobwera ku Joni akundiuza kuti kumeneko, ndi ku Ulaya komwe, kuli anthu amene amasakasaka mphete, ndolo ndi mikanda yakale ya mwala wotchedwa tiger's eye. Zatsopano sazifuna. Mphete ikakhala ya m'ma 1970, yoti inavalidwa ndi agogo a munthu amene sakumudziwa n'komwe, m'pamene amatulutsa chikwama. Akagula, ena savala, amaika m'kabokosi. Ndinamufunsa kuti akaika m'kabokosimo amapindulamo chiyani. Iye anangoti, "Achimwene, inu simungamvetse." Mwina n'zoona.

Mwalawo ndi wofiirira, wa mizere yachikasu, ndipo ukaupendeketsa padzuwa kamzere kowala kamayenda uku ndi uku. Kukongola ndi wokongola, pamenepo sindikutsutsa. Wambiri umakumbidwa ku South Africa, m'chigawo cha Northern Cape, cha ku Prieska ndi Griquatown. Odziwa amati ndi mtundu wa quartz, ndiye kuti ndi pachibale ndi timiyala toyera timene ana amatola m'mbali mwa mtsinje wa Muloza. Nanga mizereyo? Akuti imachokera ku timaulusi ta asibesitosi wa buluu, timene chitsulo chake chinachita dzimbiri n'kusanduka chachikasu. Apa ndinadzidzimuka. Si asibesitosi yemweyu amene mu 1960 dokotala J.C. Wagner ndi anzake anaonetsa kuti fumbi lake linkadwalitsa khansa ya m'chifuwa anthu a m'dera lomwelo? Wovala mphete yosalala alibe chodandaula, koma woucheka amathira madzi kuti asapume fumbi. Kodi osonkhanitsa aja akamatsegula kabokosi amaganizako za amene anapuma fumbi la kumapiri kumeneko?

Koma funso limene likundisowetsa tulo ndi lina. Matanthwe amene mwalawu umapezekamo ali ndi zaka zoposa mabiliyoni awiri. Mphete yopangidwa dzulo ndi mphete ya mu 1972, miyala yake inakumbidwa m'matanthwe amodzimodziwo. Tsono chakale n'chiti pamenepa? Zaka makumi asanu ziwonjezera chiyani pa mabiliyoni awiri?

Nditafunsa zimenezi ndinauzidwa kuti chimene amayang'ana ndi siliva wake, kasemedwe kake ndi tizilembo ta mkati mwa mphete. Nambala ya 925 imasonyeza siliva weniweni, ndipo za ku Britain zimakhala ndi chidindo chonena mzinda umene zinayesedwa ndi chaka chake. Amasamalanso kuti asagule galasi, poti alipo magalasi opangidwa mochenjera amene amawala chimodzimodzi, ndipo wofiira kwambiri nthawi zambiri amakhala wochita kuwotcha. Ndiye kuti ndalama zonsezo akulipira manja a mmisiri? Ngati ndamva bwino, mwala pawokha ndi wotchipa. M'zaka za m'ma 1800 unkadula ku Ulaya chifukwa unkasowa, koma atapeza kuti ku Northern Cape uli mbwee, mtengo unagwa.

Apa ndakumbukira mikanda ya agogo athu, zipini za pamphuno ndi makoza a m'mikono. Zinapita kuti? Zina tinaika nazo m'manda, zina tinapatsa ana aseweretse chifukwa ndi zachikale. Kodi kukalamba kumakweza mtengo wa zinthu za eni ake zokha?

Tibwerere ku mwala. Ngakhale ndi wotchipa, a ku South Africa anaukhazikitsira lamulo lakelake mu 1977, Tiger's-Eye Control Act, loti wosachekedwa usamangotuluka m'dziko mwachisawawa. Boma lathunthu kukhala pansi chifukwa cha mwala umene mphwanga amagula pamsika? Kapena anaona kuti phindu limatsalira amene wadula ndi kupukuta?

Ifetu miyala tili nayo, ina yodula kuposa umenewu kutalitali. Pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pali ruby ndi sapphire, ndipo zinadziwika kale mu 1958. Ku Mzimba kuli aquamarine, ku Ngabu kuli agate wa buluu, ndipo ku Malosa alendo amakagulako miyala yakuda ya aegirine yokaika m'makabati mwawo. Anzathu a ku Mozambique, amene timagulana nawo chimanga pamalire pa Muloza, anapeza ruby ku Montepuez mu 2009, koma malonda oyamba aakulu a miyalayo anakachitikira ku Singapore mu 2014. Chifukwa chiyani Singapore? Ku Nampula kulibe matebulo?

Ndimamva kuti mu February 2025 boma lathu linaimitsa kwa kanthawi kutumiza kunja miyala yamtengo wapatali. Chabwino. Nanga mwala ukaima, ukuyembekezera ndani? Wokumba ali ndi khasu, fosholo ndi sefa. Mwala wake amaumanga m'kajumbo, vendala n'kutchula mtengo, iye n'kulandira poti kunyumba ndiwo zatha. Pakatha zaka makumi asanu, mwala womwewo udzakhala mphete yakale m'kabokosi ka munthu wa ku London, ndipo chidindo chamkati chidzanena mzinda wa eni ake. Dzina la Ntcheu lidzalembedwa pati?

Wina asandiuze kuti kuno kulibe manja. Pitani ku Likhubula mukaone anyamata akusema timabokosi ta mkungudza, chivundikiro chake chotseka bwinobwino popanda mpata. Pa Limbuli pomwe pano pali owotcherera amene amadzutsa njinga yoti ena anaitaya. Amene angaseme mtengo choncho angalephere kuphunzira kusalaza mwala? Ndiye amene mukudziwa ndiuzeniko: makina ocheka miyala amagula zingati, ndipo mnyamata wa kwa Njema akafuna kuphunzira ntchito imeneyi akwere basi yopita kuti?