Mmene Mungakhalire Dokotala wa Mafoni ku Chawama Osapita ku UNZA

Achimwene, ndalama za sukulu gulirani unga. Kuti m'komboni akutchuleni injiniya, mukungofunika nyenyezi, kachizindikiro konga makwerero kaja, ndi nkhope ya munthu woti waona zambiri.

Yambani ndi *#06#. Foni iliyonse, ngakhale ka Itel ka mabatani, imatulutsa manambala 15 otchedwa IMEI, NRC ya foniyo. Musafotokoze msanga. Ayang'aneni, pukusani mutu, nenani "mmm." Mwini wake ayamba kale kupisa m'thumba. Ngati foniyo inagulidwa pa Katondo Street kwa mnyamata wokamba mtengo akucheukacheuka, yerekezani manambalawo ndi a pa bokosi. Bokosi palibe? Ndiye kuti foniyo inangomera ngati bowa, musafunsenso.

Pa Samsung dinani *#0*#, kenako muzikhudza timabokosi totulukato. Galasi lisanduka lofiira, lobiriwira, kenako labuluu, foni injenjemera, sipika ilira. Ntchito yake ndi kuona ngati pali mbali yakufa, koma inu nenani kuti mukuyeza magazi. Pa Tecno nthawi zambiri sipachitika kanthu. Nenani kuti ndi netiweki. Mu Lusaka monse palibe anatsutsapo mawu amenewo.

Netiwekiyo mutha kuiona ndithu. Pa mafoni ambiri a Android, *#*#4636#*#* imaonetsa mphamvu yake: -70 ndi yabwino, -110 ndiye kwerani padenga. A ku Kanyama, nyengo ya mvula mumakhala muli kale komweko.

Koma ndalama zenizeni zili mu nsanje. Pa Facebook anthu amauzana kuti *#21# ndi *#62# zimaulula amene akumvetsera foni yako mobisa. Bodza. Zimangosonyeza kumene foni imakankhira anthu okuimbira, ndipo kanambala kachilendo kotuluka pa *#62# kawirikawiri ndi ka voicemail. Inu musawononge msika. Lolani mayi wa ku Matero atenge foni ya amuna awo, akopere kanambalako, aimbe, amve mawu okoma a mkazi akuwapempha kusiya uthenga. Uthengawo ausiya ndithu, ndipo aneba onse aumva. Madzulo bambo abwera okha kwa inu ali ndi chotupa pamphumi. Dinani ##002#, zonse zifufutika m'masekondi ochepa, koma foniyo muisunge mpaka mawa kuti ntchito ioneke yolemera.

Munthu akakuuzani kuti mudine *115# ya mobile money ndi kulemba PIN yanu kuti akukonzereni foni, mwakumana ndi mnzanu wa digiri yoposa yanu. Mpatseni ulemu, thawani.

Yotsala ndi *2767*3855#. Pa ma Samsung akale inkafufuta zonse osafunsa n'komwe: zithunzi za ukwati, manambala, mauthenga. Musaiyese pa foni yanu. Ngati manja akuyabwa, bwerekani ya amayi osunga kaundula wa chilimba, mwezi umene inu simunasonkhe.