Agogo Amatidwa Pepala Pamphumi

Pa 31 October dzuwa la ku Lilongwe limachita kuphwanya mutu, koma m'mipanda ina ya ku Area 47 mupeza ana atavala zinsalu zakuda zofika kumapazi, thukuta lili kamukamu, ati ndi Halloween. Mwambowu kwawo ndi ku Ireland ndi ku Scotland, kumene October ndi mwezi wozizira, ndipo unakakulira ku America. Kuno wabwera kudzera pa DStv, TikTok ndi sukulu za fizi yokwera. Makolo a m'tauni chilichonse chimene mwana wabwera nacho m'Chingerezi safunsa, amangotulutsa ndalama.

Amake Junior chaka chino anati phwando likhale kwawo. Choyamba kuwavuta chinali dzungu, poti maungu kwathu amakhwima mvula ikamatha ndipo pofika October amakhala atasowa. Atalipeza pamtengo wogulira nkhuku, anauza mnyamata wa kudimba kuti aliboole maso ndi mano.

"Nanga zam'katimu, madamu?"

"Taya."

Sanataye. Nthanga anakaziyanika kuseri kwa kuboyizi.

Masewera onse anali a mawu, opulinta pa intaneti. Oyamba, osanja zilembo zosokonezedwa kuti zitulutse dzina la chinthu choopsa, anatha bwinobwino, abambo ali pambali ndi nyama yawo yowotcha. Achiwiri anali a Hangman. Mwana mmodzi amabisa liwu, anzake amatchula chilembo chimodzichimodzi, ndipo akaphonya pabolodi pamajambulidwa mutu, kenako thunthu, manja, miyendo, mpaka munthu yense alendewera pachingwe.

Pakhonde panali agogo, amayi awo a bambo a Junior, amene anabwera kuchokera ku Dowa kudzaonetsa maso kuchipatala. Anayang'anitsitsa bolodi lija.

"Munthuyo walakwa chiyani?"

"Palibe agogo. Junior waphonya chilembo."

"Waphonya ndi wina, akupachikidwa ndi wina?"

"Eya."

"Ooo. Basi mwakula, mukayambe ntchito."

Apa agogo anaona kuti nawonso ali nazo. Anakonza kukhosi nati, "Chilape!" Ana khumi ndi mphambu anangowayang'ana kukamwa. Patapita kamphindi, kuchokera kugeti kunamveka mawu a mlonda: "Nachize!" Agogo anaponya chilape cha nyumba yopanda khomo, mlonda nati dzira, ana akadasakasaka pa foni. Awiriwo akanapitiriza mpaka usiku, koma amake Junior anawomba m'manja kuti pulogalamu ikuchedwa.

Tsoka linabwera ndi azakhali ena aphunzitsi, aja amadandaula pa phwando lililonse kuti ana a masiku ano sadziwa chilankhulo chawo. Anati masewera otsiriza achitike m'Chichewa. Masewera ake ndi oti aliyense amamatidwa pepala pamphumi, iye osaliona, ndiye azifunsa mafunso mpaka adziwe kuti walembedwa kuti ndani. Mtsikana wantchito anapatsidwa cholembera, ndipo analemba zimene iye amaziopadi: kadzidzi, fisi, mzukwa, ndondocha, namapopa, mfiti.

Pepala la namapopa silinafike pamphumi pa munthu. Alamu ena a ku Mulanje atangoliona analipinda n'kuponya m'thumba, osanena kanthu. Iwo 2017 amaikumbukira, pamene mphekesera za opopa magazi zinaphetsa anthu kumwera, a United Nations mpaka kuchotsa antchito awo ku Mulanje ndi ku Phalombe. Dracula wa m'filimu amaseketsa chifukwa palibe amene anathamangitsidwapo ndi zikwanje pomuganizira kuti ndi Dracula.

Mapepala otsalawo anasakanizidwa m'mbale, ndipo kamtsikana kena kaulemu kanati agogo asasalidwe. Kanawamata lawo pansi pa duku.

"Kodi ndimayenda usiku?" anafunsa agogo, akusangalala kuti awawerengera.

"Eee!"

"Ndimadya nyama?"

"Eee!"

"Ndine fisi."

"Ayi!"

"Ndimauluka?"

"Pa tsache!" anakuwa ana.

"Pa lichero," anakonza mtsikana wantchito, kenako n'kudzigwira pakamwa.

Akuluakulu anali atayamba kale kusuntha m'mipando. Bambo a Junior anadzuka ndi foloko ya nyama m'manja, koma anachedwa. Mng'ono wake wa Junior, amene chinsinsi chimamuyabwa, analumpha nafuula ndi mphamvu zake zonse: "Agogo ndi mfiti!"

Mpanda wa njerwa umatchinga maso okha. Wailesi ya nyumba yoyandikana inazima nthawi yomweyo.

Bambo wina amene anaphunzirako zamalamulo anayesa kupeputsa nkhani pokumbutsa anthu kuti pansi pa Witchcraft Act ya 1911, yomwe atsamunda anatisiyira, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, choncho mwanayo afune loya. Anaseka yekha. Aliyense pamenepo anali ndi kumudzi, ndipo amadziwa kuti mawu amenewa akanenedwa kwa nkhalamba, ndiponso wonena ali mwana, nyumba imatha kupsa usiku womwewo.

Agogo anamatula pepala lija pang'onopang'ono, naliyang'ana mozondotsa, nalipinda bwinobwino n'kumanga pamfundo ya chitenje.

"Mwana alibe mlandu," anatero. "Mwana sapeka. Amanena zimene amamva akulu akamayankhula m'nyumba."

Ponena izi maso awo odwalawo anapeza mpongozi wawo mosavuta konse.

Amake Junior, amene ku ofesi amayendetsa misonkhano pa Zoom, anagwada pa udzu. "Pepani amayi, ndi masewera chabe, ndi zachizungu." Anayiwala kuti kumutu akadali ndi chipewa chakuda chosongoka, ndipo akawerama nsonga yake imaloza agogo.

Alendo anakumbukira mwadzidzidzi kuti mawa ndi tsiku la Oyera Mtima Onse, Misa ndi yam'mawa, ngakhale a CCAP omwe. Maswiti anatsala m'beseni. Isanakwane 8 koloko, pa gulupu ya WhatsApp ya mu mzerewo wina anali atalemba kale kuti sakutchula dzina, koma tizipempherera ana athu, ndipo anthu anayankha ndi timanja topemphera. Mlonda anapempha kuti dzungu loyaka kandulo lichotsedwe pageti, apo ayi iye sagonapo. Anauzidwa kuti mlonda sayenera kugona. Anati ngakhale zili choncho lichotsedwe.

M'mawa mwake agogo anakana tiyi wa mpongozi, koma analandira chitenje chatsopano, shuga ndi ndalama ya minibasi. Za maso anati aonetsa ulendo wina, zimene anafuna kuona aziona. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri auzidwa kale. Nkhaniyi ikakambidwa ku Dowa pa Khirisimasi, ndipo amalume alamula kuti amake Junior abwere ndi chipewa chija.