Chiphaso cha Amayi Chinatayikira M'manja Mwanga

Feteleza wotsika mtengo wa AIP sankagulidwa ndi ndalama yokha. Pankafunika kuti dzina likhale m'kaundula, m'manja mukhale chiphaso cha unzika choti ogulitsa aunike. Cha amayi anga chinali cha m'kalembera wa NRB wa 2017, ndipo tsiku lotha ntchito lolembedwa pamenepo linali litadutsa kale.

Mu 2023, mvula ili pafupi, ndinapita kwathu ku Mitundu ndipo ndinachiona. Mtima unagunda. Thumba la AIP linali pa K15,000, pomwe kwa mavenda mtengo wake amayi sakanaufikira olo atagulitsa mbuzi.

"Amayi, ndipatseni, ndikakukonzetsereni ku tauni."

"Mwana wanga, usamale nacho. Ndiye munda wanga umenewo."

Ine ndine mlonda ku Area 10, ndipo ndinkadziona ngati wodziwa njira za boma chifukwa tsiku lililonse ndimadutsa ku City Centre. Nditaweruka m'mawa, tulo tili m'maso, ndinakwera minibasi ya ku Old Town n'kukaima pamzere ku ofesi ya NRB. Dzuwa litafika pamutu, mayi wa pawindo anandifotokozera mwaulemu kuti chiphaso sakonzetserana: mwini wake abwere yekha adzajambulidwe. Kenako anandifunsa ngati sindinamve pa wailesi kuti boma linaimitsa kutha kwa ziphaso mpaka pa 1 Januwale 2026.

Sindinamve. Chiphasocho chinali chogwirabe ntchito, ndipo ine ndinachichotsa m'manja mwa mwini wake popanda chifukwa.

Ndinaganiza zochitumiza tsiku lomwelo pa minibasi ya ku Mitundu. Koma m'chipwirikiti cha pa depoti wina anandipisa m'thumba. Kachikwama kanapita, ndi ndalama ya lendi, ndi chiphaso cha amayi momwemo.

Ndinakhala chete, ndipo apa ndiye pamandiwawa kwambiri. Amayi akaimba foni ndinkangoti zikuyenda. Ndikanawauza msanga, bwenzi atakatenga kalata ku polisi n'kuyamba kulondola china. Feteleza atafika kwathu, anzawo anakagula matumba awo awiri, NPK ndi Urea, iwo ali pakhomo kudikira ine. Nditaulula sanakalipe. Anangofunsa ngati akubawo sanandivulaze.

Ndinakongola kwa abwana ndalama ya thumba limodzi, ndipo anandidula pa malipiro mpaka nthawi yokolola. Thumbalo silinakwanire munda wonse. Chaka chimenecho kunalinso ng'amba ya El Niño, moti chimanga chinathera m'nkhokwe dzinja lisanafike, ndipo ufa ndinkachita kuwatumizira wogula ku msika wa Lilongwe.