Bwana wanga ndi wamitala

Centurion, Pretoria

Alamu,

Pezani kaye pokhala, nkhaniyi si yowerenga choimirira. Mzungu amene ndikumugwirira m'gadeni kuno ndi wamitala. Musathamangire kukauza achemwali, akazi ndikunenawo ndi mipeni. Yadzaza kabati yagalasi, uliwonse uli gone pansalu yake, ndipo Lamlungu masana amaiyendera umodziumodzi mosakondera: kuusolola m'chimake, kuupukuta, kuudzoza mafuta, kuuyang'anitsitsa pawindo, kuubwezera. Dona, mwini mphete, amangodutsa ndi kapu ya tiyi osanena kanthu. Ndikuona kuti anagonja kalekale.

Si mipeni yopinda ngati Okapi ayi. Okapi kuno ali ndi mbiri ya matsotsi, bwana sangamulowetse m'banja. Yake ndi yosapinda, chitsulo chimodzi kuchokera kunsonga mpaka kumathero kwa chigwiriro, akuti ukatero sungathyokere pakhosi. Mkazi wamkulu chigwiriro chake ndi dzino la njiri. Wachiwiri, fupa la nyamalikiti. Wamng'ono, amene wadya mtima wa bwana masiku ano, ali ndi mizere yokhotakhota thupi lonse, akuti Damascus, wosula anachita kupinda zitsulo ziwiri kambirimbiri pamoto. Malowolo ake anaposa malipiro anga a mwezi wathunthu. Inu muzithokoza Mulungu kuti ife a kwa Mwambo sitilowoletsa, achemwali munawapeza ndi tambala mmodzi wa pachinkhoswe.

Mwezi wathawu ananditenga kokasaka ku Limpopo. Kuno amasaka nyengo yozizira ino, nyama sionongeka msanga ndipo biltong imauma bwino. Kusaka kwake ndi kwa mufamu ya mpanda, nyama iliyonse ili ndi mtengo wake, ukaombera ulipira. Kunali anzake, aliyense mkazi wake ali lende m'chiuno. Usiku pamoto, mowa utawafika, panabuka mlandu wa kulimba. Uyu akuti wanga ndi chitsulo cha N690 cha ku Austria, dzimbiri salidziwa. Uyo akuti chotero chimavuta kunola, bola chakaboni, ngakhale chimachita dzimbiri ukangochisiya chonyowa. Wina akuti nkhani yagona pa kuuma, kuzikhala cha m'ma 60 pa sikelo ya Rockwell, kukapitirira mpeni umabenthuka, kukachepa umabuntha msanga. Ine ndili phee, ndikutembenuza soseji.

Ndiye mmodzi, wamimba kwambiri pa onse, anati aonetse poyera. Anaimika chikuni, nkuika mpeni pamwamba, nkuyamba kuumenya kumsana ndi chibonga kuti awaze nkhuni. Nkhwangwa ili potero, alamu, yangotsamira mtengo ikuonerera. Mkazi wa malowolo onse aja kumutuma ntchito ya nkhwangwa pamaso pa alendo! Tinangomva kuti the! Nsonga yapita. Panagwa maliro, anthu akuluakulu kugwada ndi matochi kufunafuna kachidutswa mumchenga, wina akusisita namfedwa paphewa.

Kutacha anapha ngoma. Ndinati lero tiona akazi a m'kabati akugwira ntchito. Ayi ndithu. Anaisenda ndi mkulu wina wogwira ntchito pafamupo, ndi kampeni ka m'butchala ka chigwiriro cha pulasitiki, akangodula pang'ono kukakwecha pa chitsulo chonolera, kenaka kupitiriza. Chikopa chinachoka chopanda bowo ndi limodzi lomwe. Mabwana anangosolola yawo pojambulitsa.

Pobwerera bwana anandifunsa kuti kwanu mpeni umakhala zaka zingati. Ndinamufotokozera za wanu uja munasiyiridwa ndi amalume anu, wosulidwa pa Jali kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, chigwiriro chomanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndinati watumbula milamba ndi makumba osawerengeka pa Kachulu, wadula njedza zomangira chimbowera, wasepa bango, wakonza maukonde. Madzi amchere a Chilwa amaufiiritsa usiku umodzi, mmawa mwaukwecha ndi mchenga, mwaunola pamwala wa pamjigo, wabwerera pantchito. Nyanja inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018, mabwato ali gwa pamatope, iwo unangosamukira kusikimu kukamweta mpunga. Nditamuonetsa ndi zala mmene waondera, bwana anati umenewo watha, ngotaya. Ndinati bwana, kwathu mkazi akaonda ndi ntchito za pakhomo sitimupatsa mwambo wa chisudzulo, timamuopa.

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo titafika anandipatsa umodzi, wotchipa pa yonse, wa ku Sweden, dzina lake Mora. Ndalowa chokolo, alamu. Koma ngakhale ndi wotchipa, ukumeta ubweya wa pamkono.

Vuto ndi loti sindingayende nawo. Kuno kuli lamulo la 2013 la zida zoopsa, wapolisi akakupeza ndi mpeni nkukukayikira kuti ukufuna kuchita nawo zoipa, wamangidwa. Mzungu akauvala m'chiuno ndi mlenje. Ine akandisecha nawo pa renki ya matakisi ayamba ndi mpeni, atsiriza ndi pasipoti, ndipo masiku 30 anandidindira pa Beitbridge aja anatha kale. Mapeto ake ndi ku Lindela, kudikira basi yobwera nayo kumudzi chimanjamanja. Ndikamva sairini usiku tulo timandithera pomwepo.

Alamu, amayi ali bwanji kwenikweni? Pafoni amati ali bwino, koma chifuwa chija ndikuchimva, amalekeza mawu pakati kuti apume. Achemwali akundibisira, inu musandibisire. Ndalama ndatumiza pa Mukuru ndi yochepa, ndikudziwa. Nyengo yozizira udzu sukula, mabwana ena andiimitsa kaye mpaka mvula, pomwe lendi ya kachipinda kanga sinaime. Ndinalonjeza kuti chaka chino tidzutsa khoma linagwa ndi namondwe wa Freddy lija, koma njerwa zidikire. Muyambe mwawatengera amayi ku Zomba Central akawaunike m'chifuwa, pa njinga yamoto osati yakapalasa, msewu wa Jali ungawamalize. Yotsalayo mugule mbewu ya mpunga.

Mpeni wa Mora uja ndaukulunga m'bulangete la amayi, ndapatsira transipota amene anyamuke sabata yamawa kudzera pa Mwanza. Akafika ku Limbe akuimbirani. Ana asauseweretse. Mukachoka kuchipatala mundiflashe, ndiimba ndine, ndipo mundiuze zimene adokotala anena, osachotsera.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni