Ulemu kwa Mphira ya Chubu

Pakhomo pathu pali mfumu imene palibe anailonga ufumu, koma ikasowa ntchito zonse zimaima. Imakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, yakuda bii, yodzaza fumbi. Ndikunena mphira ya chubu cha njinga, chija chimene wokonza njinga anachiyang'ana n'kupukusa mutu chifukwa zigamba zachuluka kuposa chubu chenichenicho.

Ena amati pamenepo chubu chatha. Ayi ndithu, m'pamene chimayamba moyo wake waulemerero! Timachicheka ndi lumo m'litali, timizere topyapyala ndi tina tonenepa, basi pakhomo palowa mmisiri woposa amisiri onse.

Taonani mpini wa khasu ukang'aluka mu Disembala, mvula ili mkati, udzu ukuthamangitsana ndi chimanga. Wosema mipini ali kutali, nayenso ali kumunda kwake. Mumatenga mphira, kuikoka mpaka itawala, kuikulunga kasanu ndi kawiri pamng'alu, n'kubisa nsonga yake pansi pa mkombero womaliza. Palibe mfundo, palibe msomali. Khasu lija limapalira munda wonse, n'kudzabandiranso. Kodi amene wapulumutsa nsima ya chaka chonse pamenepa ndani? Ine ndimati ndi mphira, ndipo ndikunena kuchokera pansi pa mtima.

Kudimba nakonso ndi yomweyo. Paipi ya thiredo pampu ikayamba kudontha polumikizira, mphira imatseka pakamwa pa madzi, tomato n'kumwa. Thumba la makilogalamu 50 likupita kuchigayo pa kaliyala, lomangidwa ndi mphira, msewu wa mabampu okhaokha, koma silisuntha. Kachitseko ka khola la nkhuku kamene ndinakamanga ndi mphira m'malo mwa mahinjesi kamadzitseka kokha, ngati kali ndi nzeru.

Sindikunyoza luzi. Agogo anamangira nkhokwe ndi madenga luzi la mombo, ndipo anatilera m'nyumba zimenezo. Koma luzi limafuna kulinyika m'madzi kuti lifewe, likauma limalekerera, chiswe chimalikonda, ndiponso mitengo ya mombo ija yambiri inapita m'matumba a makala. Mphira simadya mtengo wa m'nkhalango yathu, chiswe chimailambalala, ndipo ikagwira imapitiriza kufinya usiku ndi usana, inu muli m'tulo. Mdani wake wamkulu ndi dzuwa, limene limaing'amba pang'onopang'ono, n'chifukwa chake yanga ndimaisunga mumthunzi monga ndimasungira mbewu.

John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, atapanga tayala lopopa mpweya mu 1888, ankangofuna kuti mwana wake asamagwedezeke pa kanjinga kake ka mawilo atatu. Ndikanakonda akanaona zimene mphatso yake ikuchita m'midzi mwathu: mmene ikugwirira zigwiriro za mapoto, mmene ikulimbitsira mipanda, mmene ikuponyera mwala pa legeni ya mnyamata amene akuingitsa mbalame m'munda wa mapira.

Dzulo mayi a kuseri kwathu anafika m'mamawa, keni yawo yothirira itathyoka chogwirira.

"Odi! Bambo a Chikondi, kodi kamphira kangapezeke?"

"Kalipo, mayi, khalani pansi."

Ndinawasankhira kamzere konenepa, kopanda chigamba ngakhale chimodzi, ndipo ndinakapereka ndi manja awiri.